Momwe mungakhalire m'gulu la alembi losakaniza achikulire ndi achinyamata

M'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi angapo a pa Chancellor College, sukulu ya ukachenjede imene nthawi imeneyo inali idakali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973, anayamba kukumana mlungu ndi mlungu kuti aziwerengerana ndakatulo, nkhani zopeka ndi masewero amene iwo eni ankalemba. Gululo linkatchedwa Writers Group, ndipo mwa anthu amene anadutsamo muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe, komanso aphunzitsi ochokera kunja monga David Kerr ndi Landeg White. Inali nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku, ndipo munthu ankayamba wacheuka uku ndi uku asanatsegule pakamwa. Komabe m'chipinda chimene ankakumaniramo, ndakatulo ya mphunzitsi inkasendedwa ndi mpeni womwewo umene unkasenda ndakatulo ya wophunzira.

Khalidwe limeneli ndilo ndikufuna kuti titengere, chifukwa kwa ife amene tinaleredwa m'mwambo wolemekeza akulu silibwera lokha. Mukasonkhanitsa mphunzitsi wopuma pa ntchito wa zaka 70, mayi wochita malonda mumsika wa zaka 45 ndi mtsikana amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, n'kuwasiya kuti akambirane monga mwa chizolowezi, zotsatira zake n'zodziwikiratu: wamkulu adzayankhula, mayiyo adzavomereza ndi mutu, ndipo mtsikanayo adzabwerera kwawo maganizo ake ali m'mimba. Gulu lotere limazirala pang'onopang'ono popanda mkangano uliwonse. Choncho aliyense wofuna kukhala m'gulu la mibadwo yosiyana ayenera kuthandiza kukhazikitsa dala njira zimene zimasungira munthu ulemu wake, koma n'kuika cholembedwa chake poyera kuti wamng'ono ndi wamkulu yemwe achiunike mosaopa.

Kupeza gulu kapena kuliyambitsa

Yambani mwafunsa kumene anthu okonda kuwerenga amapezeka kale: ku nthambi za National Library Service, kwa aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi a m'sukulu za sekondale, kwa alakatuli amene amalakatula pa zochitika za m'dera lanu, kapena ku bungwe la alembi la Malawi Writers Union. Mukapeza gulu, pitani kawiri kapena katatu musanapereke cholembedwa chanu, ndipo poyendera kumeneko muzionetsetsa chinthu chimodzi: kodi pamene cholembedwa cha munthu wamkulu koposa onse chikukambidwa, alipo wamng'ono amene akutchula pofooka? Ngati palibe, gululo lili ndi mphunzitsi ndi ana asukulu, ndipo mudzaphunziramo zinthu, koma simudzapeza chimene nkhani ino ikunena.

Ngati kulibe gulu, liyambitseni ndi anthu ochepa. Kwa ine anthu oyambira asanu ndi mmodzi kulekeza khumi ndi awiri ndi okwanira, pakuti akachuluka kuposa pamenepo munthu amadikira miyezi yambiri kuti cholembedwa chake chifike pabwalo. Achikulire saabwera chifukwa cha uthenga woponyedwa pa Facebook. Muwapitire kunyumba, mukhale pansi, mufotokoze cholinga, ndipo munene mosabisa kuti simukuwaitana kuti adzakhale mlendo wolemekezeka koma kuti nawonso adzabweretse zolemba zawo. Ambiri ali ndi makope amene anawasunga m'sutikesi kwa zaka zambiri, ndipo palibe anawafunsapo kuti awaone.

Malo akhale osakhala a munthu mmodzi, monga kalasi ya pasukulu, holo ya tchalitchi kapena pamthunzi pa laibulale. Mukamakumana m'nyumba ya wamkulu wa gulu, mnyamata amene wangomwa tiyi wa m'nyumbamo sangathe kunena kuti ndime yachiwiri ya mwininyumba ndi yozizira. Nthawi yabwino ndi Loweruka masana, kuti achikulire ndi atsikana afike kwawo kusanade ndiponso maminibasi asanayambe kusowa. Mipando muiike mozungulira, ndipo onse akhale mofanana. Pasapezeke amuna pamipando, amayi pamphasa, chifukwa wokhala pansi amayankhulanso ngati wokhala pansi.

Zolemba zifike anthu asanakumane

Amene ali pamzere wowerengeredwa atumize cholembedwa chake kudakali mlungu wathunthu, ndipo chisapitirire masamba asanu kapena ndakatulo zitatu. Achinyamata amachilandira mosavuta pa WhatsApp, koma musaganize kuti aliyense ali ndi foni yotha kutsegula fayilo, kapena bandulo, kapena maso oona zilembo zing'onozing'ono za pagalasi. Sankhani wachinyamata mmodzi woti azipulinta ndi zilembo zikuluzikulu n'kukasiya kwa achikulire, ndipo yemweyo kapena mnzake azitaipa zimene achikulirewo alemba pamanja. Ntchito yotaipira munthu wina imaoneka ngati yotopetsa, koma wotaipa amaona kamangidwe ka chiganizo chilichonse mozama kuposa wongowerenga, ndipo ambiri amaphunzira kalembedwe mwa njira imeneyi. Lamulo lake ndi lakuti wotaipa asasinthe ngakhale liwu limodzi popanda kufunsa mwini wake.

Kayendetsedwe ka zokambirana

Apa ndi pamene pagona moyo wa gulu, ndipo ndi pamene muyenera kuumirira ngakhale ena aziona ngati mukuchulutsa malamulo.

Choyamba, cholembedwa chiwerengedwe mokweza ndi munthu wina osati mwini wake. Mwini nkhani amadziwa pofunika kupumira ndi pofunika kukweza mawu, choncho akamawerenga yekha amaphimba mabala a cholembedwacho ndi liwu lake. Koma wina akamawerenga n'kupunthwa pa chiganizo, n'kubwereranso kuti achimvetse, mlembi amadzimvera yekha pamene pali vuto asanauzidwe ndi aliyense. Ndi bwino kuti nkhani ya wachikulire iwerengedwe ndi wachinyamata, ndipo ya wachinyamata iwerengedwe ndi wachikulire, chifukwa pamene wowerengayo akodwa m'pamenenso owerenga a msinkhu wake adzakodwe.

Chachiwiri, pamene ena akupereka ndemanga, mwini cholembedwa akhale chete ndi cholembera m'manja. Asafotokoze chimene ankatanthauza, asadziteteze, ndipo adikire mpaka kumapeto pamene adzapatsidwe mphindi zochepa zofunsa mafunso ndi kuthokoza. Chifukwa chake n'chakuti buku likatuluka, mlembi sadzatsagana nalo m'nyumba iliyonse kukamasulira zimene analephera kuzilemba momveka. Lamuloli limawalemera kwambiri achikulire amene anazolowera kumvedwa, makamaka amene anali aphunzitsi, abusa kapena mabwana pa ntchito, ndiye muwafotokozere mwaulemu kuseri tsiku lawo lisanafike, osati kuwadula pakamwa pagulu.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, ndemanga ziyambire kwa wamng'ono koposa onse n'kumakwera, wamkulu ayankhule pomaliza. Mwambo wathu umavomereza kale dongosolo limeneli, pakuti pabwalo la milandu mfumu siyamba ndiyo kugamula, imayamba yamva mbali zonse ndi nduna zake. Wamkulu akayamba ndiye kunena kuti ndakatulo ndi yabwino, palibe mwana amene angabwere pambuyo pake n'kunena kuti sinamugwire mtima. Koma mwanayo akayamba, amanena zimene waonadi, ndipo wamkulu amakhala ndi mwayi womanga pa zimene zanenedwa. Paja amati akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo m'gulu la alembi mawu omaliza a munthu wofatsa amaziziritsa mitima pamene ndemanga zapsereza. Udindo wotsogolera zokambirana uzisinthana pa mkumano uliwonse, kuti tsiku lina mtsikana wa Fomu 4 uja ndiye aziuza gulu kuti nthawi ya woyankhula yatha.

Chachinayi ndi kayankhulidwe. Wopereka ndemanga ayankhule za chimene chamuchitikira iye powerenga, ndipo aloze malo enieni. Mnyamata sayenera kunena kuti, "Agogo, apa mwalakwitsa." Akhoza kunena kuti, "Agogo, pa ndime yachitatu ndinasochera, sindinadziwe ngati akuyankhula ndi mkazi kapena mlamu wake." Mawu otere ndi oona, ndi aulemu, ndipo amapatsa mlembi chogwira. Chimodzimodzinso wachikulire asanene kuti, "Ana a masiku ano simudziwa Chichewa," koma anene kuti, "Mwanawe, mwambi uwu wauika pamalo pamene suyenera, umanenedwa pochenjeza munthu, osati pomutonthoza." Aliyense ayambe watchula chinthu chimodzi chimene chagwira ntchito m'cholembedwacho, ndipo chikhale chenicheni, monga chifanifani chakutichakuti kapena mmene mpangankhani wina akuyankhulira, chifukwa mawu akuti "zili bwino, pitirizani" sathandiza munthu kudziwa choti asunge.

Kamodzikamodzi, mwina kamodzi pa miyezi itatu, chitani mkumano umene zolemba zonse zimabwera zopanda maina, zotaipidwa mofanana. Tsiku limenelo anthu amadabwa ndi zimene iwo eni amanena akakhala kuti sakudziwa nkhope ya mlembi, ndipo kudabwa kumeneko kumawongola makambidwe a mikumano yotsatira.

Zimene mibadwo imapatsana

Phindu la gulu lotere limaoneka bwino wachinyamata akalemba nkhani yochitika iye asanabadwe. Tiyerekeze kuti walemba za mtsikana wa ku Limbe m'chaka cha 1985, wavala buluku ndipo akuonera kanema wa dziko lino kunyumba kwa makolo ake. Wachikulire adzamuuza nthawi yomweyo kuti lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, kuti linagwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndiponso kuti wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Adzamuuza kuti munthu wogula mchere m'chaka cha 1965 ankalipira masheleni ndi makobiri, pakuti kwacha inayamba mu 1971. Koposa madeti, adzamuuza zimene sizipezeka pa intaneti: mmene mtima unkagundira munthu akafunsidwa khadi lachipani pakhomo la msika, mmene mudzi unkalandirira mwamuna wobwera ku Joni ndi sutikesi ndi njinga, kapena mmene anthu anaimira pamzere pa 14 Juni 1993 posankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Wachinyamata azibwera ndi mafunso otere okonzeratu, ndipo azilemba mayankho.

Achikulire amasunganso mawu amene akutayika m'tauni, monga gowelo, mphala, chikuta ndi kuka, komanso kamvekedwe ka nthano imene imayamba ndi "padangokhala" omvera n'kuvomera kuti "tili tonse". Alembi a ku Chancellor aja anapeza mphamvu yaikulu pomwepa. Anatenga nthano, miyambi ndi zining'a za makolo n'kuzisandutsa chovala cha zimene sakanatha kuzinena mwachindunji, monga mmene Chimombo anagwiritsira ntchito Napolo, chinjoka chimene anthu a ku Zomba amati chimagumula phiri ndi kubweretsa madzi osefukira. Wachikulire amadziwanso malire. Pali zinthu za kudambwe ndi za kuchinamwali zimene eni mwambo salola kuti zilembedwe, ndipo ndi bwino kuti mlembi wachinyamata amve zimenezi m'gulu, n'kusankha yekha mwanzeru, kusiyana ndi kudzazimva nkhani itasindikizidwa kale.

Koma mtsinjewu uyenera kuyenderanso mbali inayo. Wachikulire akalemba za mnyamata wa kabaza wa lero n'kumuyankhulitsa ngati mlaliki wa m'ma 1960, achinyamata ali ndi udindo womuuza kuti munthu wotere sayankhula choncho, kuti amati "bho" ndi "mfana", kuti amalandira malipiro pafoni, ndiponso kuti chibwenzi chake chimayambira ndi kuthera pa mauthenga. Achikulire ambiri amakondanso kutseka nkhani ndi phunziro lolembedwa poyera, chifukwa ndi mmene mabuku a nthawi yawo ankathera, ndipo wowerenga wachinyamata ndiye angawauze moona kuti anali atamva kale phunzirolo nkhani isanathe. Amene wauzidwa zotere asazitenge ngati mwano. Ndi umboni wakuti anawo amuwerenga mwachidwi monga mlembi mnzawo.

Mkangano wa kalembedwe ka mawu

Gulu lililonse lolemba m'Chichewa limafika pa mkangano uwu, ndipo ukapanda kusamalidwa umadya nthawi yonse. Ena anaphunzira kulemba "mau" pamene ena amalemba "mawu". Ena amaika kachizindikiro pamwamba pa w m'mawu ngati Malaŵi pamene ambiri lero anakasiya. Ndipo mnzathu wa ku Chipata kapena ku Lusaka amalemba "cinthu" pamene ife timalemba "chinthu". Palibe mwa anthuwa amene ali mbuli, chifukwa malamulo a kalembedwe akhala akusintha kuchokera pamene bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 kufikira pamene ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996. Njira yabwino ndi kugwirizana kuti zolakwika za kalembedwe zizilembedwa papepala n'kupatsidwa kwa mlembi mkumano ukatha, ndipo pakamwa pazikambidwa nkhani, anthu ake ndi mangidwe ake. Gulu likhale ndi mtanthauziramawu mmodzi wothetsera makani, ndipo likafuna kusindikiza buku la pamodzi lisankhe kalembedwe kamodzi kotsatira malamulo a masiku ano. Mawu a ampangankhani okha asiyidwe monga mmene eni ake amayankhulira, kaya ndi Chichewa cha ku Dedza, Chimang'anja cha ku Chikwawa kapena chiyankhulo cha achinyamata a ku Ndirande.

Ndalama, umwini ndi chitetezo

Chopereka cha pamwezi chikhale chochepa, chongokwanira mapepala, fotokope ndi kuthandizira thiransipoti ya amene alibe, ndipo msungichuma aziwerenga kaundula pamaso pa onse. Musalole kuti gulu lisanduke banki mkhonde, pakuti munthu amene ali ndi ngongole kwa mnzake sangamuuze zoona pa ndakatulo yake. Wophunzira amene sangathe kupereka ndalama apereke ntchito, monga kutaipa kapena kukonza malo.

Cholembedwa chimene chabwera m'gulu ndi cha mwini wake, ndipo palibe amene ayenera kuchitumiza kwa munthu wakunja kapena kuchiponya pa intaneti popanda chilolezo. Wachikulire akafotokoza nkhani ya moyo wake pocheza, wachinyamata amene akufuna kuilemba apemphe kaye, ndipo agwirizane ngati maina asinthidwe. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zolemba, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za ufulu umenewu, choncho ndi bwino kuti mmodzi wa inu akafunse kumeneko n'kudzafotokozera anzake gulu lisanasindikize kanthu.

Pali nkhani ina imene magulu ambiri amachita nayo manyazi, koma iyenera kunenedwa tsiku loyamba. Pamene pali akuluakulu odziwika ndi achinyamata ofunitsitsa kutukuka, pamakhala mpata woti wina agwiritse ntchito ulemu wake molakwika. Gwirizanani kuti ana osakwana zaka 18 azibwera makolo awo akudziwa, kuti kuthandizana kwa anthu awiri kuzichitikira pamalo oonekera, ndiponso kuti pakhale mayi wachikulire mmodzi amene mtsikana aliyense angamuuze chodandaula mosaopa. Munthu wa mtima wabwino sadzakhumudwa ndi lamulo limeneli.

Mpikisano ukalengezedwa, dziwitsanani, werengeranani zolemba, ndipo wina akapambana gulu limuyamikire poyera. Nsanje imabwera, makamaka pamene wazaka 22 wapambana wazaka 60 amene wakhala akulemba moyo wake wonse, ndipo mankhwala ake ndi akuti wopambanayo atchule mosabisa thandizo limene analandira, ndi kubweranso pa mkumano wotsatira kudzawerenga za anzake monga kale.

Pamene moyo walowerera

Gulu la mibadwo yosiyana limakumana ndi matenda ndi maliro kawirikawiri kuposa gulu la anthu a msinkhu umodzi, ndipo limakumananso ndi mayeso, maukwati, kubadwa kwa ana ndi kusamuka. Wina akadwala mukamuzonde, ndipo ngati ali ndi mphamvu, mkumano umodzi muuchitire pakhonde pake. Wina akaferedwa, mukapepese monga gulu. Amene wapita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena kukaphunzira ku Britain asafufutidwe m'kaundula; azitumiziridwa zolemba, ndipo ndemanga yake ya mawu ojambulidwa pafoni iziseweredwa pa nthawi imene akanayankhula akanakhalapo. Ubale wotere umapirira zinthu zolemera. Pamene Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991, ena mwa amene anavutikira kuti dziko lakunja lidziwe za iye anali anzake a m'gulu lija, Landeg White ndi David Kerr.

Pomaliza, sungani zolemba. Gulani fayilo yolimba ndi kope lalikulu, ndipo mlembi wa gulu azilemba tsiku, amene anabwera, mutu wa cholembedwa chimene chinakambidwa ndi mfundo zikuluzikulu zimene zinanenedwa, n'kuika kope limodzi la cholembedwacho m'fayilomo. Zomwezo zijambulidwe ndi foni n'kusungidwa kwa anthu awiri osiyana, chifukwa mapepala amadyedwa ndi chiswe ndipo mafoni amabedwa. Achikulire amene avomera muwajambule mawu akulakatula kapena akusimba nthano, ndipo muwafunse, adakali ndi mphamvu, chimene akufuna kuti chidzachitike ndi makope awo: kaya apite kwa ana awo, kaya gulu liwataipe, kaya ena asaonedwe ndi aliyense. Yankho lawo lilembedwe m'kope la gulu, iwo asainire, ndipo wachibale wawo mmodzi auzidwe kumene fayiloyo imasungidwa.